Mabawuti Atatu a Telesikopu ya Atate

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a makina osokera, mtima umandibwezera ku Kaunda Square mu mzinda wa Lusaka, m'mwezi wa Ogasiti wa chaka chimene ndinali ndi zaka khumi. Sukulu zinali zitatseka. Mphepo inkayamba m'mamawa, kunyamula mapepala a pulasitiki n'kuwakoloweka pa mawaya a magetsi, ndipo pofika masana fumbi linali paliponse, m'mano, m'tsitsi, pa zovala zimene amayi anayanika. Milomo inkang'ambika ngakhale udzole chotani. Kuseri kwa mpanda wathu wa mabuloko kunkamveka makina a ba Saidi, telala wochokera ku Malawi amene tinayandikana naye kuyambira ine ndisanabadwe. Kabotolo kawo ka mafuta, ka mlomo wautali, ndi kamene kanawoloka mpanda uja kubwera kwathu mwezi umenewo, ndipo kanabwera m'manja mwa mwana wawo Asiyatu. Ndikanadziwa, ndikanatseka geti.

Atate anga, ba Daka, anali a zamagetsi. Ankakonza mawaya, masitovu ndi mapampu a madzi m'nyumba za anthu olemera ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ndipo pa nkhani yoyamikira anali ouma manja. Ukalakwa ankakuuza pomwepo, ukachita bwino ankangoti "Hm," basi. Azichimwene anga awiri analibe nazo ntchito za mawaya, mitima yawo inali ku mpira, choncho Loweruka lililonse ndine amene ndinkakhala nawo pakhonde, mphuno ili pafupi ndi wailesi yomasulidwa, kulekanitsa timawaya tofiira ndi takuda. Zinthu zapafupi ndinkazitha kwabasi. Kangapo konse ananditchula kuti "ka injiniya kanga" pamaso pa alendo, ndipo dzina limenelo ndinkalisunga mumtima monga momwe ana ena amasungira nsapato za Khirisimasi.

Telesikopu, chipangizo choonera mwezi ndi nyenyezi, inafika kwathu kumayambiriro kwa tchuthi. Banja lina la ku Kabulonga, limene atate analigwirira ntchito zaka zambiri, linkasamuka m'dziko muno, ndipo linawapatsa katoni yaitali yopanda buku lililonse la malangizo. M'katimo munali chipaipi choyera chachitsulo, chotseguka kumtunda, chokhala ndi galasi lozungulira pansi pake, ndi miyendo itatu yochiimikira. Masiku awiri oyamba atate ankasuzumira kukamwa kwa chipaipicho n'kumangoona mphuno yawo yomwe ili yaikulu ngati mbatata. Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko. Kenaka tinapeza kuti diso umaliika cham'mbali, pa kagalasi kakang'ono kokhala pa kachubu kolowa ndi kutuluka ukamapotokola kawilo. Titayang'ana mtengo wa mapeyala wa kwa aneba, tinaupeza uli chadodolido, masamba pansi thunthu m'mwamba. Atate anali atatenga kale sikuludilaiva kuti achimasule chonse, mwayi kuti mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwathu anawaletsa. Anati ndi mmene zimakhalira, nawonjeza kuti tisadzayerekeze kuilozetsa padzuwa ngati maso athu tikuwafunabe.

Pamsana pa chipaipi chija panali kapaipi kena kakang'ono, kokhala ndi mtanda wa timizere tiwiri m'kati mwake, kogwiridwa ndi timabawuti titatu. Atate anakatcha kamwana, poti kanali kataberekedwa. Chachikulucho chimaona malo ochepa kwambiri, ndiye kufunafuna nacho chinthu kumwamba kuli ngati kufuna singano pabwalo ukusuzumira m'kaudzu. Kamwana kamaona malo aakulu. Ukaika chinthu pa mtanda wake, chimayenera kupezekanso m'chachikulu, koma izi zimatheka pokhapokha timabawuti tija titakonzedwa kuti ziwirizo ziziyang'ana pamodzimodzi. Apa ndi pamene panatigonetsa pansi. Madzulo alionse dzuwa likangolowa tinkalozetsa pamwezi, atate n'kuupeza movutikira, koma akamati amange bawuti yachiwiri mwezi unali utatsetsereka kale. Ankautukwana chamumtima ngati kasitomala wosakhazikika.

Kawilo kaja kanali kolimba ndi dzimbiri, choncho amayi anaitana pampanda kupempha mafuta kwa amake Asiyatu. Asiyatu anandiposa chaka chimodzi. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, wa zala zazitali zozolowera kulowetsa ulusi pasingano, ndipo chaka chimenecho ndi pamene anayamba kusala kudya tsiku lathunthu, poti unali mwezi wa Ramadani. Tinkasewera limodzi nthawi zina, sindinganame kuti tinali pa udani. Anapereka kabotoloko ndi manja awiri, koma m'malo mobwerera anaima pafupi ndi thanki ya madzi ochapira, milomo ili gwa, kumvetsera atate akudandaula za mwezi wothawathawa.

"Ba ankolo," anatero mwakachetechete, "nanga bwanji osayambila pa tanki ya ku Chelstone muzuba? Ija siyenda."

Atate anatembenuka n'kuyang'ana chakum'mawa, kumene thanki yaitali ya ku Chelstone inkaonekera pamwamba pa madenga. Kenaka anati "Hm," ndipo asanapume n'komwe anabwerezanso, "Hm." Kawiri. Ine zaka khumi zanga zonse ndinali ndisanalandirepo awiri pa tsiku limodzi.

Masana omwewo ntchito inatheka. Atate anaika nsonga ya makwerero a thanki pakati pa chachikulu, Asiyatu n'kumasuzumira m'kamwana, kumasula bawuti iyi pang'ono, kumanga inayo pang'ono, mpaka makwererowo anakhala pa mtanda. Atandiuza kuti nane ndiyese, ndinaika diso pa kamwana n'kuona chinthu chotuwa chabe, ngati utsi wa m'mbaula. Anandifunsa ngati ndaona makwerero ndipo ndinati inde. Anandifunsa kuti pakhala mbalame zingati, ndinati ziwiri. Panalibe mbalame ngakhale imodzi. Atate anapukusa mutu, n'kugwira Asiyatu paphewa, amvekere, "Iwe uli na maso." Kuyambira tsiku limenelo akamufuna ankaitana pampanda kuti, "Ali kuti maso yathu?"

Chimene chinandithera mphamvu chinali kawilo. Nthawi iliyonse atate kapena Asiyatu akachoka pa kagalasi ka chachikulu akunena kuti zaoneka bwino, ine ndikaikapo diso ndinkapeza chifunga. Tsiku lina ndinapotokola kawiloko mpaka kachubu kanalowa m'kati ndithu, ndipo mwadzidzidzi thanki inatulukira mbee. Ndinaona dzimbiri likutsika m'mizere pa simenti, ndinaona chitsulo chilichonse cha makwerero pachokha, ndinaona khwangwala atalendewera chadodolido, mphepo ikumutukula nthenga zoyera za pachifuwa imodziimodzi. Sindinadziwe kuti chinthu chakutali chingakhale ndi m'mphepete mwakuthwa chotero. Koma atate atabwera pambuyo panga anadzuka msangamsanga nkhope itakwinyika.

"Zelipa, wasokoneza futi! Nivichani ivi?"

Zinachitika kachiwiri, kachitatu, ndipo kachinayi lamulo linatuluka: ndiziyang'ana manja ali kumbuyo, kawilo osakakhudza. Motero ndinkaima pamzere pamodzi ndi ana a m'njira mwathu, kuwerama, kuona chifunga, n'kunena kuti zikomo. M'mutu mwanga nkhaniyo ndinali nditaiweruza kale. Asiyatu ankasiya dala zinthu zosaoneka kuti ine ndioneke wopusa, ndipo atate ankanamizira kuti akuona pofuna kumusangalatsa. Kuti anthu ena onse ankakuwa ndi chimwemwe akasuzumira, ndinkati akungotsatira gulu.

Nsanje ndi ntchito yolemetsa, ndipo ine ndinaigwira mokhulupirika. Ndinkakhala pawindo la kuchipinda kuwerenga ma "Hm" a Asiyatu, ndipo pofika sabata yachitatu anali atapitirira khumi. Madzulo fungo la samusa ndi futali wa mbatata likamawoloka mpanda, amake Asiyatu ankatumiza mbale yathu monga mwa chaka chilichonse, koma ine ndinkati m'mimba mukundipweteka, kenaka n'kudzaba samusa wozizira anthu atatembenuka. Pa kolona ya banja ndinapempherapo kuti Asiyatu adwale chimfine, osati chachikulu, cha sabata imodzi yokha. Nditadandaula kwa amayi kuti mwana wa eni watilanda khonde, iwo anapitiriza kusita malaya a atate n'kundiyankha kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambi umenewo ndinauda kuyambira pomwepo.

Tsiku lina nditatumidwa kumsika kukagula tomato ndi kapenta, ndinabwerera n'kupeza ba Saidi akutuluka pageti pathu akupukuta m'maso, akuseka ngati mwana. Pa kachubu ka kawilo panali patajambulidwa timizere tiwiri ta choko cha atelala, koyera ndi kabuluu. Palibe amene anandiuza tanthauzo lake, ndipo ine kunyada sikunandilole kufunsa. Ndinangodziwa kuti tsopano ali ndi zinsinsi zolemberana, pa chinthu cha m'nyumba mwathu, ine ndili kumsika.

Ba Saidi anali munthu wosoka nsalu itagunda mphuno. Magalasi awo akale, omangidwa ndi ulusi wakuda pakhutu, anali atasiya kalekale kuwathandiza. Madzulo ena anabwera atavala kofia yawo, nakhala ndi atate pakhonde, ndipo ine ndinamvetsera ndili kuseri kwa chitseko. Chinyanja chawo chinali chikadali cha kwawo, cholemera ndi chosathamanga. Anati ali mnyamata ku Machinga ndi iwo amene ankayamba kuona mwezi watsopano wotsekera kusala, ndipo akulu ankawakweza pachulu chifukwa cha maso awo. Tsopano panali patapita zaka zambiri akungomva kwa ena kuti waoneka. Sanafune kutsutsana ndi a kumzikiti, uthenga wa Idi ukanabwerabe kuchokera kumeneko. Ankangofuna kuuonanso okha kamodzi, ngati chipangizocho chingalole.

Atate anaitenga nkhaniyo ngati mayeso a boma. Anafunsanso mphunzitsi uja, nauzidwa kuti mwezi wotero umakhala wopyapyala ngati chikhadabo chowengedwa, umaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa, ndipo suchedwa kulitsatira. Panalibe nthawi yofufuza. Kamwana kanayenera kukhala kolondola kotheratu. M'mawa wa tsiku loyembekezera mweziwo iwo ndi Asiyatu anayesa pa thanki katatu konse, ndipo nditabwera ndi tiyi ndinamva atate akunena kuti lero zonse zili m'manja mwa maso athu. Anailowetsa telesikopuyo pabalaza, naifunditsa chitenje cha amayi, n'kupita kukakonza sitovu ku Northmead.

Cha m'ma thuu koloko amayi anali kuseri akuchapa, ndipo makina a ba Saidi ankalira mosalekeza chifukwa cha madiresi a Idi. Ndinalowa pabalaza n'kukweza chitenje. Sindinganene kuti Satana anandinyenga, ndinkadziwa bwino chimene ndikuchita. Ndinapotokola bawuti yoyamba theka, yachiwiri theka, yachitatu theka. Kamwana kanasuntha pang'ono zedi, moti munthu wongoyang'ana sakanazindikira. Ndinabwezera chitenje monga chinalili, duwa lake lalikulu lili pamwamba, kenaka ndinakasamba m'manja ndi sopo wochapira kawiri chifukwa zala zinkanunkha mafuta.

Dzuwa litapendeka tinanyamuka kupita kubwalo la mpira, kumene kumadzulo kunalibe nyumba zotchinga. Atate anasenza chipaipi paphewa, ba Saidi ali pambali pawo mu mkanjo woyera atapinda kamkeka m'khwapa, ndipo ana a m'njira mwathu ankatilondola ngati tikupita ku ukwati. Ine ndi Asiyatu tinapatsidwa miyendo itatu ija, iye kutsogolo ine kumbuyo. Titadutsa pa amayi ogulitsa chimanga chootcha, anachepetsa liwiro mpaka tinatsala awiri.

"Lelo nizaika pa laini ya buluu," anatero osatembenuka. "Ija ni yako."

Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Adadi banga pamene banayangana tanki, banazungulusa kawilo monga mwamene uchitila iwe. Pamene apo. So iwe susokoneza, maso yako yali chabe monga yao. Ninabauza ba ankolo, koma banakamba ati ni matukutuku yako chabe." Anasintha dzanja lonyamulira. "Bakasiliza adadi, ubwele iwe pamene apo. Lelo muzaona bwino ni imwe babili, benangu bonse bazaona nkhungu."

Kuchokera pamenepo kukafika kubwalo ndi mtunda waufupi, koma unali wokwanira kuti munthu anene mawu anayi. Ndinawakonza m'kamwa. Ndinayang'ana msana wa atate, ndinaganiza za nkhope imene akanandionetsa pamaso pa ba Saidi ndi ana onse aja, ndipo ndinawameza. Ndinadziuza kuti mwina theka si kanthu.

Dzuwa linalowa lofiira ngati khala, kumira m'fumbi la kutauni. Ba Saidi ndi Asiyatu anamwa madzi a m'botolo nadya zipatso za tende ziwiriziwiri pomasula kusala, kenaka bamboyo anayala kamkeka pambali pa golo n'kupemphera mwachidule. Anthu anali atachuluka, ena Asilamu anzawo a ba Saidi, ena ongodutsa ochokera kuntchito. Mphepo inali isanagone, inkagwedeza miyendo ya telesikopu, ndipo atate anagwada n'kuigwira ndi manja onse awiri. Asiyatu anaika diso pa kamwana, akuyendetsa chipaipi pang'onopang'ono pamwamba pa pamene dzuwa linalowera. Kunali zii, kupatula ma minibasi akuimba mahutala kumsewu waukulu.

"Nauona!" anakuwa. "Uli pa mtanda. Adadi, bwelani!"

Ba Saidi anavula magalasi awo, nawapatsa mnzawo, n'kuwerama pa kagalasi manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anafunsa mofatsa ngati ayenera kudikira kuti ubwere. Atate anawapempha kuti apatuke, nabwezera kawilo pa mzere woyera, nasuzumira. Anayang'ana m'kamwana, mwezi ulimo. Anabwerera ku chachikulu, mulibe. Anayamba kuchiyendetsa uku ndi uku, kumwamba ndi pansi, mphepo ikuchigwedeza, uku anyamata ena a maso akuthwa akuloza ndi zala kuti uwo, uwo, pamwamba pa mtengo wa bulugamu. Ba Saidi anayesa kamwana, koma kwa iwo munali utsi wokhawokha, monga zinkakhalira kwa ine. Anayesa kutsatira zala za anyamata aja, maso atatsinzinira, akumwetulira mwaulemu.

"Iwe Asiyatu," anatero atate mokweza, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira, "unagwilako chani kuno?"

"Sininagwile, ba ankolo."

"Wasokoneza!"

Liwu limenelo linali langa mwezi wonse, ndipo tsopano linagwera iye, pamaso pa bambo ake ndi anthu a kumzikiti kwawo. Ndiyenera kunena zoona: kwa kamphindi linanditsekemera ngati shuga. Kenaka Asiyatu anatembenuka n'kundiyang'ana. Nkhope yake sindinkaiona bwino m'chisisira chija, ndinangoona mpango wake woyera utalunjika kwa ine, osasuntha. Kukoma kuja kunathera pomwepo.

Posakhalitsa anyamata aja anati mwezi walowa m'fumbi. Foni ya mnzawo wa ba Saidi inalira, anthu nayamba kugwirana chanza kuti mawa ndi Idi. Ba Saidi anavalanso magalasi awo, nagwira dzanja la atate ndi manja awiri. "Zikomo kwambiri a Daka, mwayesetsa," anatero. Atate anati mwezi wamawa tidzayesanso, ndipo ba Saidi anayankha kuti inde, mwezi umabwera nthawi zonse, koma umene ankaufuna unali uwu. Pobwerera miyendo itatu ija ndinanyamula ndekha.

M'mawa mwake fungo la mpunga wa nyama ndi zokometsera linadzaza njira yonse, ndipo ana a Chisilamu ankadutsa pageti atavala zatsopano. Atate sanapite kuntchito. Anaimika telesikopu pabwalo, nailozetsa pa thanki, nasuzumira uku ndi uku, n'kugwiragwira timabawuti tija kamodzikamodzi. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi tsache, kusesa malo amodzimodzi.

"Mphepo sizungulusa mabauti yatatu," anatero, ngati akuuza mtengo wa mapeyala. Kenaka anandiitana. "Wenze kuifuna nchito iyi. Bwela, konza."

Ndinaika diso pa kamwana. Anandiuza kuti makwerero ali kale pakati pa chachikulu, changa n'kuwabweretsa pa mtanda. Ndinamasula bawuti ina, ndinamanga ina, utsi uja unkangosuntha. Atate anaima kumbuyo kwanga, mthunzi wawo utandiphimba. Ndinapotokola mpaka kamwana kanayamba kugwedera. Pamenepo misozi inatuluka, ndipo pamodzi nayo panatuluka mawu amene ndinali ndisanauzepo munthu aliyense.

"Siniona, adadi. Ndine ninagwila mabauti, koma siniona."

"Va mabauti niziba. Suona chani?"

"Makwelelo. Tanki. Na pa bolodi ku sukulu, nimakopela chabe kuli anzanga."

Anandigwira mapewa n'kunditembenuzira kumsewu, kumene kunali kashopu kometera tsitsi kopakidwa penti yachikasu. Anandiuza kuti ndiwerenge zolembedwa pakhoma pake. Ndinatsinzinira, ndinayesetsa ndithu, kenaka ndinawafunsa ngati pali malemba. Manja awo anachoka pamapewa panga. Anabwerera chafutambuyo n'kukhala pa sitepe ya khonde, pamalo pomwe tinkakonzera mawailesi.

"Kuyambila liti?"

"Nenze kuganiza ati ndiye mwamene vilili."

Sanandikwapule, sanandikalipire. Anakhala pa sitepepo mpaka tiyi amene amayi anawabweretsera anachita khungu pamwamba. Kenaka anavala malaya a kutchalitchi n'kupita okha kwa ba Saidi, ndipo kudzera pa bowo la mpanda ndinawaona ataima pakati pa alendo a Idi, chipewa chili m'manja, akupepesa kwa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi. Madzulo anandituma nanenso. Ba Saidi anandipatsa mbale ya mpunga n'kunena kuti zapita. Asiyatu anamva kupepesa kwanga mpaka kumapeto, nagwedeza mutu, n'kupitiriza kutsuka mbale. Sanawolokenso geti lathu. Kabotolo ka mafuta anadzatenga ndi mng'ono wake.

Sabata yotsatira atate ananditengera kutauni kwa opima maso. Pobwerera, magalasi ali pamphuno, ndinawerenga mokweza chikwangwani chilichonse kuyambira ku Cairo Road mpaka kwathu, ndinaona kuti mitengo ili ndi masamba mpaka kunsonga ndiponso kuti kondakitala anali ndi chipsera pachibwano. Anthu a mu minibasi ankaseka. Atate anayang'ana pawindo ulendo wonse. Telesikopu inabwerera m'katoni yake pamwamba pa wadiropu, ndipo Loweruka ndinapezanso malo anga pakhonde, popanda wopikisana naye. Koma atate anali atasanduka a mawu ochepa kuposa kale. Nthawi zina ndikadzutsa mutu pa wailesi ndinkawapeza akundiyang'anitsitsa, n'kuthawitsa maso. Ndinkadziwa, monga mmene mwana amadziwira zinthu, kuti akundiyerekeza ndi Asiyatu ndipo akumusowa, ndipo nsanje yanga inapitirira mwakachetechete kwa zaka, ngakhale banja la ba Saidi litasamukira kutsidya lina la tauni.

Chaka chatha ndine amene ndinawaperekeza atate kukapimitsa maso, poti manambala a pa mita anayamba kuwavuta. Tili pa benchi kudikira, ndinawakumbutsa za Ogasiti uja, ndikuseka, n'kuwauza kuti ndinkaganiza kuti ankalakalaka Asiyatu akanakhala mwana wawo. Iwo sanaseke. Anatembenuza chipewa chawo pabondo kangapo.

"Zaka teni nenze na iwe Satade iliyonse," anatero. "Mwana wa bene anakuona mu masabata yatatu. Ananiuza, nakana."

Ndinkayembekeza kumva kuthokoza m'mawu amenewo, ndipo kunalimo, koma pansi pake panali chinthu china chowawa chimene ndinachizindikira msanga, poti ndinakhala nacho nthawi yaitali. Ndili mwana ndinkayesa kuti m'nyumba mwathu munali munthu mmodzi yekha wochitira nsanje Asiyatu. Tinalimo awiri, ndipo tonse tinkalimbirana chinthu chimene iye sanafune kutilanda.